Vinyo wofiira wa ku Bordeaux: kapangidwe, kasungidwe ndi kamwedwe kake

Vinyo wambiri amene amagulitsidwa m'masitolo amapangidwa kuti amwedwe pasanathe zaka ziwiri kapena zitatu. Ndi wochepa chabe amene amakoma kwambiri akakhala zaka 10, 20 kapena kuposa, ndipo wotchuka pa gulu limeneli ndi vinyo wofiira wa ku Bordeaux, kumwera chakumadzulo kwa France. Kawirikawiri vinyoyu sachokera ku mtundu umodzi wa mphesa. Amasakaniza mitundu iwiri, itatu kapena kuposa, ndipo kusakanizako kumathandiza kuti alimbe ndi kukhalitsa.

Dera la Bordeaux lili pamene mitsinje ya Garonne ndi Dordogne imakumana n'kupanga Gironde, mtsinje waukulu wothira m'nyanja ya Atlantic. Tsidya la kumanzere, ku Médoc ndi Graves, nthaka ndi ya nsangalabwi zomwe zimasunga kutentha kwa dzuwa komanso sizisunga madzi. Kumeneko kumachita bwino mphesa za Cabernet Sauvignon, zomwe zimachedwa kupsa. Tsidya la kumanja, ku Saint-Émilion ndi Pomerol, kuli dongo ndi miyala ya laimu, ndipo kumachuluka Merlot ndi Cabernet Franc.

Mtundu uliwonse uli ndi ntchito yake. Cabernet Sauvignon ili ndi khungu lokhuthala ndipo imapereka mphamvu. Merlot imafewetsa vinyo n'kumupatsa kakomedwe ka zipatso zakupsa. Cabernet Franc imawonjezera fungo, pamene Petit Verdot, yomwe amathira pang'ono chabe, imadetsa mtundu. Kulima mitundu ingapo kumatetezanso mlimi, chifukwa nyengo ya ku Bordeaux ndi yosadalirika. Merlot imapsa msanga, choncho mvula ikagwa nthawi yokolola Cabernet, mwini munda amakhala atakolola kale mbali ina ya mphesa zake. N'chifukwa chake muyeso wa kusakaniza umasintha chaka ndi chaka, ngakhale pamunda umodzimodzi.

Chimodzi mwa zinthu zimene zimasunga vinyo wofiira ndi tannin, amene amachokera m'khungu ndi m'njere za mphesa. Vinyo akadali watsopano, tannin amaumitsa lilime ndi nkhama monga imachitira nthochi yosapsa. Mphesa zikafulidwa n'kuwira, vinyo wapamwamba amamuika m'migolo ya mtengo wa oak ya malita 225, yokwana mabotolo 300, ndipo amakhalamo kwa miyezi pafupifupi 18 mpaka 24. Mgolo umalowetsa mpweya wochepa kwambiri ndipo umapatsa vinyo fungo la thabwa lowambidwa. Akalowa m'botolo, kusintha kumapitirira mwapang'onopang'ono. Tannin amafewa, ena n'kukhala nsenga pansi pa botolo. Mtundu wofiira moderako umayamba kupita ku wa njerwa, ndipo fungo la zipatso limasanduka la fodya wouma, chikopa ndi masamba ofota a m'nkhalango. Kusintha kumeneku ndiko kumene osonkhanitsa vinyo amadikirira.

Mitengo ya vinyo wa ku Bordeaux imayendera kwambiri dzina la munda, umene amautchula kuti château. M'chaka cha 1855, pokonzekera chionetsero chachikulu cha ku Paris chimene Napoleon III anakonza, amalonda a vinyo anasanja minda yotchuka m'magulu asanu potengera mitengo yake. Pagulu loyamba panali Lafite, Latour, Margaux ndi Haut-Brion. Mouton Rothschild inakwezedwa kulowa m'gululi mu 1973, ndipo kupatula apo mndandandawo sunasinthe kwenikweni. Minda ikuluikulu imapanganso vinyo wachiwiri kuchokera ku mphesa zimene sizinalowe mu woyamba, monga Les Forts de Latour ndi Carruades de Lafite. Ameneyu mtengo wake ndi wocheperako ndipo amafika pomwedwa msanga.

Chaka cholembedwa pabotolo ndi chaka chimene mphesa zinakololedwa, ndipo wosonkhanitsa amachiyang'anitsitsa. Zaka monga 1961, 1982, 2005, 2009, 2010 ndi 2016 zimatchuka chifukwa nyengo inali yabwino ndipo mphesa zinapsa mokwanira. Vinyo wa chaka cha mvula yambiri amakhala wopepuka ndipo sayenera kusungidwa nthawi yaitali. Ku Bordeaux kuli mwambo wogulitsa vinyo akadali m'migolo, wotchedwa en primeur. Akatswiri amalawa miyezi ingapo pambuyo pa kukolola, ogula amalipira, koma mabotolo amawalandira patatha pafupifupi zaka ziwiri.

Njira ya ku Bordeaux yosakaniza mitundu ya mphesa inafalikira kumayiko ena. Mu 1976, pa mpikisano wolawa vinyo popanda kuona dzina umene unachitikira ku Paris, Cabernet ya Stag's Leap Wine Cellars ya ku California inaposa vinyo wotchuka wa ku Bordeaux. Ku South Africa, minda ya ku Stellenbosch imapanga vinyo wosakaniza mofananamo, monga Meerlust Rubicon, amene anayamba ndi zokolola za 1980, ndi Kanonkop Paul Sauer, amene anayamba ndi za 1981. Vinyo ameneyu amakhalitsa bwino ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa minda yapamwamba ya ku France.

Kugula botolo labwino sikokwanira ngati kasungidwe n'kolakwika. Vinyo amafuna malo amdima, osagwedezeka, ozizira pafupifupi madigiri 13, ndipo kuzizirako kusamasinthesinthe. Kutentha kumakalambitsa vinyo msanga ndipo kumatha kumukankha kuti adonthe pachitsekero. Mabotolo amagonekedwa chammbali kuti chitsekero cha cork chikhale chonyowa, chifukwa chikauma chimafota n'kulowetsa mpweya, vinyo n'kuwonongeka. Chinyezi cha m'chipindamo chiyenera kukhala pafupifupi 70 peresenti. Kumayiko otentha, kabati ya m'khitchini kapena pabalaza si malo osungirako vinyo wotere, ndipo osonkhanitsa amagwiritsa ntchito firiji yopangidwira vinyo. Firiji wamba ndi yozizira mopitirira komanso youma. Botolo lalikulu la malita 1.5, lotchedwa magnum, limakalamba mochedwa kuposa la mamililita 750, chifukwa mpweya wa m'khosi mwake ndi wochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa vinyo.

Pogula vinyo wakale pa okushoni kapena kwa munthu wina, mbiri ya botolo ndi yofunika ngati dzina lake: linachokera kuti, anasunga ndani, anasungira pati. Odziwa amayang'ana pamene vinyo wafika m'khosi mwa botolo, popeza akatsika kwambiri ndiye kuti mpweya unalowa. Palinso achinyengo. Mu 2014 khoti la ku United States linalamula Rudy Kurniawan kukhala m'ndende zaka 10 chifukwa chothira vinyo wotsika mtengo m'mabotolo a mayina otchuka n'kumagulitsa pa mitengo yokwera.

Tsiku lotsegula likayandikira, botolo limaimikidwa kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti nsenga zikhale pansi. Kenako vinyo amatsanuliridwa mosamala mumtsuko wagalasi, nsenga n'kutsala m'botolo. Vinyo wa zaka zochepa amapindula akakhala mumtsukomo ola limodzi kapena awiri, koma wakale kwambiri amatha kutaya fungo msanga, choncho amamwedwa posakhalitsa. Kuzizira koyenera pomwa ndi madigiri 16 mpaka 18. Akatentha kuposa apo, ukali wa mowa umaphimba fungo. Galasi liyenera kukhala lalikulu mimba, ndipo amathiramo pang'ono kuti womwa azitha kulizunguza n'kununkhiza. Fungo la katoni yonyowa limasonyeza kuti chitsekero chawononga vinyo. Pa chakudya, vinyoyu amayenda bwino ndi nyama ya nkhosa kapena ya ng'ombe yowotcha, chifukwa mafuta a nyama amachepetsa kuuma kwa tannin. Tsabola wambiri amaphimba kakomedwe kake.

Vinyo sapitiriza kukoma mpaka kalekale. Amafika pachimake, amakhala pamenepo kwa zaka zingapo, kenako amayamba kusuluka. Ichi n'chifukwa chake osonkhanitsa ambiri amagula bokosi la mabotolo 12 a munda umodzi ndi chaka chimodzi. Amatsegula limodzi pakapita zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse, n'kulemba m'kope mmene mtundu, fungo ndi kakomedwe zasinthira. Zolembazo ndi zimene zimawauza ngati mabotolo otsalawo ayenera kudikirabe kapena yafika nthawi yoitana abale ndi abwenzi kudzamwa.