Boma ndi Fuko: Acheŵa a m'Maiko Atatu

Ofufuza za ndale, pofuna kuyerekeza maboma, amafunafuna anthu a chikhalidwe chimodzi amene akulamulidwa mosiyana. Ife sitisoŵa kupita kutali. Mcheŵa wa ku Mtengowanthenga, wa ku Katete m'Zambia ndi wa ku Tete m'Mozambique ali ndi chilankhulo chimodzi ndi miyambo imodzi, komabe amamvera malamulo a maiko atatu. Nanga izi zinadza bwanji?

Mu ufumu wa Maravi mphamvu za Kalonga zinali pa anthu. Mafumu ankatula minyanga ndi zikopa ku Mankhamba, ndipo ufumuwo unkalekeza pamene palekeza mitulo. Malire olembedwa panalibe. Angoni a Chiwere nawonso, atakhazikika m'mapiri a Dowa, ankayesa ukulu wawo poŵerenga anthu owagonjera.

Boma lamakono lili ndi maziko ena, amene ambiri amati anayalidwa pa pangano la Westphalia mu 1648: dera la malire odziŵika, lokhala ndi ulamuliro umodzi woweruza milandu ndi wokhometsa msonkho, wosagonjera wina wakunja. Dongosolo limeneli linafika kuno ndi atsamunda. Mu 1891 Britain ndi Portugal anagwirizana za malire popanda kufunsa eni nthaka. Ngakhale mau akuti "boma" poyamba ankatanthauza mpanda wa linga.

Malaŵi analandira ufulu pa 6 July 1964, Zambia pa 24 October 1964, ndipo Mozambique pa 25 June 1975 itatha nkhondo. Maiko atatuŵa anasunga malire a atsamunda, nayesa kuumba fuko limodzi kudzera m'chipani chimodzi. Koma njira zinasiyana. Malaŵi anakweza Chicheŵa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968; Zambia anadalira Chingerezi; FRELIMO inasankha Chipwitikizi nichotsa mafumu pa maudindo. Pakati pa 1990 ndi 1993 onse analola zipani zambiri.

Tsono tikuphunzirapo chiyani? Boma lingathe kulemba malire ndi kukhazikitsa malamulo, koma fuko siliumbika ndi lamulo lokha. Chaka ndi chaka, mwezi wa August, mafumu a maiko atatuŵa amakakulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika. Mcheŵa wotero ndi nzika ya dziko lake, ndiponso ndi mwana wa mtundu wake. Boma lanzeru silimkakamiza kutaya chimodzi mwa ziŵirizi.