Nyimbo Ndi Yomweyo, Woyimba Ndi Wina

Amuna a ku Neno ndi madera ena amene ankapita ku Joni ndi Wenela ankabwerako ndi gumbagumba ndi zimbale zake. Koma si chimbale chilichonse cha masiku amenewo chimene chinali ndi mawu a mwini nyimbo.

Ku South Africa kunali zimbale zotchedwa Springbok Hit Parade, ndipo ku Britain kampani ya Pickwick inayamba kutulutsa za Top of the Pops mu 1968. Makampani otere ankalemba ganyu oyimba osatchuka kuti atsanzire nyimbo zimene zinali m'kamwam'kamwa pa wailesi. Ankawalipira kamodzi kokha, osalemba mayina awo pachikuto; n'chifukwa chake mtengo unkatsika. Wogula wosasamala ankazindikira atafika kale kunyumba.

Komabe kutsanzira nyimbo si kuba, malinga wopeka wake alandire gawo lake. M'Malawi muno, bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limatolera ndalama zimenezi. Kuba ndiko kukopera nyimbo za eni ndi kumagulitsa popanda chilolezo, kaya pa Zalewa kaya pamsika wina uliwonse, pakuti wolima munda ndiye ayenera kukolola.