Ndodo Sisankha Dzanja: Mipikisano Yozunguza Ndodo ndi Ana Athu Olumala

Ambiri a ife kuno ku Madisi ndi m'madera ozungulira tinawaonapo asungwana ovala yunifolomu zowala akuguba patsogolo pa bandi, ndodo zili m'manja, akuzizunguza, kuziponya m'mwamba ndi kuziwakha. Timawatcha mamajoreti, ndipo akafika pa bwalo amayi sachedwa kuimba nthungululu. Koma tiyeni tidzifunse: mwa ana amene tinawaona pa mzere umenewo, ndi angati amene anali pa njinga ya olumala, osamva kapena ovutika kuona? Kawirikawiri ana otere amaonerera ali kumbuyo kwa chikhamu, pamene ena atsekeredwa kunyumba.

Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti m'dziko muno pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali. Tsono nkhaniyi si ya kutali ayi. Ili m'miphakati yathu ndi m'mabanja mwathu. Lero tikufuna kulongosola za masewero ozunguza ndodo, ndi kuonetsa m'mene olumala angapikisanire nawo moona, osati mongowamvera chisoni.

Masewerowa ndi otani?

Chiyambi chake ndi mabandi a asilikali. Mtsogoleri wa bandi ankanyamula ndodo yolamulira oimba, ndipo m'kupita kwa nthawi anayamba kuizunguza ndi kuiponya pofuna kusangalatsa oonerera. Ku America luso limeneli linakula n'kukhala masewero oima paokha, kotero kuti mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira mu mzinda wa Seattle m'chaka cha 1980. Dziko la Japan latchuka nawo kwambiri, ndipo ku South Africa sukulu zambiri zili ndi magulu a mamajoreti amene amapikisana chaka ndi chaka. Ife a ku Dowa ndi ku Ntchisi tisadabwe nazo, pakuti mganda wathu nawonso unabadwa potsanzira perete wa asilikali: mizere yoongoka, ng'oma, ndi mapazi oponda pamodzi.

Ndodo ya mpikisano ndi yachitsulo, yopepuka, yokhala ndi mphira ku nsonga zonse ziwiri, ndipo kutalika kwake kumalingana ndi mkono wa mwini wake. Oweruza amayang'ana maluso atatu: kuizunguza ndi zala ndi manja, kuigubuduza pa khosi, pa mapewa ndi pa zigongono popanda kuigwira, ndiponso kuiponya m'mwamba ndi kuiwakha. Zonsezi zimachitika motsatira nyimbo. Ndodo ikagwa pansi, mapointi amachotsedwa. Munthu angathe kupikisana yekha, awiriawiri kapena m'gulu.

Tikaonetsetsa maluso atatuwa, tipeza kuti ntchito yaikulu ili m'manja, m'mapewa ndi m'kusunga nthawi. Mwana wa pa njinga ya olumala angathe kuzunguza ndi kuponya ndodo ali chikhalire. Mwana wosamva amatsata kugunda kwa ng'oma kumene amakumva m'thupi, komanso chizindikiro cha dzanja la mphunzitsi. Wovutika kuona amadalira kwambiri maluso amene ndodo sichoka pa thupi. Wophunzira pang'onopang'ono amapatsidwa ndondomeko yaifupi imene amaibwereza kufikira ataigwira.

Kupikisana popanda kunamizana

Ena amati: “Tikawasakaniza, olumala adzangogonja, kapena tidzayenera kuwapatsa mphoto yaulere.” Nkhawa imeneyi ndi yomveka, koma akatswiri anaipezera mayankho atatu.

Yankho loyamba ndi la masewero a Paralympics, kumene opikisana amaikidwa m'magulu molingana ndi mtundu ndi kukula kwa ulumali wao. Pa othamanga ovutika kuona pali magulu atatu: T11, T12 ndi T13. A gulu la T11 amamangidwa m'maso ndipo amathamanga ndi wowatsogolera atagwirana kachingwe, pamene a gulu la T13 amaona pang'ono ndipo amathamanga okha.

Yankho lachiwiri ndi la bungwe la Special Olympics, limene limatumikira anthu amene nzeru zao zimagwira zinthu pang'onopang'ono. Asanayambe mpikisano, onse amayesedwa, kenaka amagawidwa potengera zaka ndi luso m'timagulu ta anthu osachepera 3 ndi osapitirira 8. Motero aliyense amalimbana ndi anzake a msinkhu wake pa luso, ndipo wopambana amapambanadi ndi thukuta lake.

Yankho lachitatu, la bungwe lomweli, ndi matimu osakaniza: olumala ndi osalumala amavala yunifolomu imodzi, amakonzekera pamodzi, amapambana kapena kugonja pamodzi. Njira imeneyi ndiyo yoyenera kwambiri masewero a ndodo, chifukwa gulu limaweruzidwa pa kugwirizana kwake. Msungwana wothamanga magazi amayenera kuphunzira kudikira mnzake, ndipo amene ankamuyesa wosatha kanthu amasanduka mzati umene gulu lonse likuudalira.

Kumene nzeruzi zinachokera

Pa 29 July 1948, dokotala Ludwig Guttmann wa pa chipatala cha Stoke Mandeville ku England anakonza mpikisano woponya mivi wa anthu 16 amene anavulala msana pa nthawi ya nkhondo. Iye ankakhulupirira kuti masewero amabwezera wodwala mphamvu ndi ulemu womwe. Mbewu imeneyo inakula, ndipo mu 1960 ku Rome kunachitika masewero oyamba a Paralympics, a anthu pafupifupi 400 ochokera m'maiko 23. Papa John XXIII anawalandira opikisanawo ku Vatican. Mu 1968, mayi Eunice Kennedy Shriver, amene m'bale wao Rosemary anali wolumala, anatsegula masewero oyamba a Special Olympics mu mzinda wa Chicago.

Phunziro la dziko lathu

Dziko la Malawi linayenera kukaonekera koyamba ku Paralympics mu 2012 ku London, koma ulendo unalephereka pa nthawi yothaitha chifukwa cha kusowa kwa ndalama. Achinyamata amene anakonzekera anatsala manja ali m'khosi. Patapita zaka zinayi, mu 2016, Taonere Banda, wothamanga wa gulu la T13, anakhala Mmalawi woyamba kupikisana pa masewerowa, pa liwiro la mamita 400 ku Rio de Janeiro, ndipo anakapikisananso ku Tokyo mu 2021. Chimene chinatichedwetsa sichinali ulumali wa ana athu, koma kusakonzeka kwathu.

Pa mbali ya malamulo sitili m'mbuyo. Mu 2009 dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, limene ndime yake ya 30 ikunena za ufulu wochita nawo masewero. Mu 2012 tinakhazikitsa lamulo la anthu olumala, limene linalowedwa m'malo ndi lina mu 2024, pamenenso bungwe la MACOHA linasanduka MACODA. Mu February 2014, atsogoleri a maiko a mu Africa anakumana ku Lilongwe kukambirana za ulumali, pa msonkhano umene anachititsa Mayi Joyce Banda, Pulezidenti wa nthawiyo, mogwirizana ndi Special Olympics. Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe silitulutsa mwana m'nyumba ku Madisi ngati ife eni mudzi tikhala chete.

Nanga ife tichite chiyani?

Ubwino wa masewero a ndodo ndi wakuti kuyamba kwake sikulira chuma. Nsungwi yoongoka kapena mtengo wa tsache, wokulungidwa ndi mphira ya chubu chakutha cha njinga ku nsonga, ndi wokwanira pophunzirira. Ng'oma tili nazo, mabwalo a sukulu ndi a tchalitchi alipo.

Choyamba, akatekisi ndi atsogoleri a miphakati, inu amene mumadziwa khomo lililonse, chezani ndi makolo amene amabisa ana ao chifukwa cha manyazi kapena poopa zonena za anthu. Afotokozereni kuti ulumali si tsoka kapena ufiti, ndiponso kuti khunyu sapatsirana. Chachiwiri, salazani bwalo ndi kuchotsa zitsa ndi miyala kuti njinga ya olumala iyende bwino. Chachitatu, mwana amene ali ndi vuto la khosi, msana kapena mtima ayambe waonedwa ndi achipatala, monga pa chipatala cha mishoni cha Madisi, asanayambe masewero. Ana achialubino asewere m'mawa kapena madzulo, atavala chipewa ndi zovala zofunda mikono. Chachinayi, pemphani upangiri kwa aphunzitsi a ana olumala, monga amene anasulidwa pa koleji ya Montfort ku Nguludi. Pomaliza, oweruza auzidwe malamulo mpikisano usanayambe, ndipo aweruze luso, osati nkhope yomvetsa chisoni. Kupatsa mwana mphoto imene sanaigwirire ntchito ndi njira inanso yomuuza kuti sitikumuwerengera.

Makolo athu anati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Ngozi za pa msewu wa M1 zokha zatiphunzitsa kuti woyenda bwino lero angathe kukhala pa njinga ya olumala mawa. Bwalo limene tikonzera mwana wa mnansi wathu chaka chino, mwina tikudzikonzera tokha. Chikondwerero chikubwerachi, pamene ng'oma idzalira ndipo ndodo zidzauluka, tidzawerenge bwino amene ali pa mzere, ndipo tidzafunse za amene palibe.