Tsekwe, Mbalame Yonenepa ndi Msipu

Abale a ku nyanja, inu a ku Senga Bay, ku Chipoka, ku Lifuwu ndi m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe, mudziwa nonse kuti ndiwo yabvuta masiku ano. Kuyambira zaka za m'ma 1990 cambo cinayamba kucepa m'nyanja, ndipo mtengo wace wakwera kotero kuti ngakhale msodzi sacilawa kawirikawiri. Nkhuku nazo zikutha ndi citopa pa nyengo ya dzuwa. Tsono taganizirani za mbalame yina imene ingathandize banja: ndiye tsekwe woweta.

Tsekwe wa kuthengo mumamuona m'madambo ndi m'minda ya mpunga, koma ameneyo akakula amauluka nabwerera kwao. Woweta ndi wina. Makolo ace anacokera ku Ulaya ndi ku China, kumene anthu anamuweta kuyambira kale lomwe. Ku Ulaya mabanja ambiri amadya tsekwe pa 11 Novembala, tsiku la Martin Woyera wa ku Tours, amene anamwalira caka ca 397.

Ubwino wace waukulu ndi uwu: tsekwe amadya udzu monga mbuzi. Nkhuku imafuna cimanga, ndipo m'miyezi ya njala imalimbirana nkhokwe ndi ana anu. Tsekwe akapeza msipu wanthete, wonga umene suuma msanga m'madambo a ku Salima, amakhuta yekha. Inu mungomuonjezera gaga kapena madeya a mpunga madzulo, kuti azolowere kubwera ku khola. Pakutha miyezi 5 amalemera makilogalamu 4 kufikira 6, ndiye kuti nyama ya nkhuku za m'mudzi zitatu kapena zinai. Citopa sicimupha kawirikawiri monga cicitira ndi nkhuku. Koma musaleke kupatsa nkhuku zanu katemera, pakuti tsekwe angathe kunyamula nthendayo iye osadwala.

Poyamba pezani wamwamuna mmodzi ndi aakazi atatu. Wamkazi amaikira mazira 20 kapena 40 pa caka, ndipo dzira limodzi lilingana ndi a nkhuku atatu. Amakhalira mazira masiku 28 kufikira 30. Nkhuku imatha masiku 21, bakha wa m'mudzi 35. Ngati tsekwe akana kukhalira, ikani mazira 4 kwa nkhuku yofungatira, koma muziwatembenuza ndi dzanja tsiku ndi tsiku, cifukwa ndi akulu, nkhuku siingathe yokha.

Nchito yeniyeni iri pa masabata atatu oyamba. Anapiye agone pouma ndi pofunda. Madzi akumwa akhale m'mbale yosazama, yoti alowetse mlomo wokha. Musawalole kupita ku nyanja kapena kunyowa ndi mvula asanamere nthenga, pakuti akazizidwa amafa usiku womwewo. Apatseni udzu wanthete woduladula pamodzi ndi gaga wonyowetsa ndi usipa wosinja pang'ono. Masana mwana aziyang'anira kabawi ndi ng'azi. Usiku mutseke khola cifukwa ca afisi ndi agaru. Ngakhale akakula musawasiye pa dooko pamene pali ng'ona. Tsekwe safuna nyanja kuti anenepe. Kadziwe kakang'ono pakhomo kakwanira.

Koma walira mvula walira matope. Tsekwe sadziwa malire a munda. Akalowa m'dimba la mnzanu, kapena pa mbande za mpunga, m'mawa umodzi amatha nchito ya mwezi wathunthu, ndipo mlandu umafika kwa mfumu. Cotero mangani mpanda wa bango musanagule mbalame, ndipo muuze anansi anu za maganizo anu. Dziwaninso kuti wamwamuna amalusa pa nyengo ya mazira. Makanda asasewere pafupi ndi cisa. Ukali womwewo uli ndi phindu, popeza mlendo akafika usiku atsekwe amasokosa koposa garu.

Patsala masabata atatu kuti muphe, mcepetsereni kuyenda ndi kumuonjezera madeya. Mafuta ace musataye: asungunuleni, muwasunge m'botolo, mudzakazingire ndiwo zamasamba. Nthenga zofewa za pa cifuwa, mukazitsuka ndi kuziyanika, zimapanga mtsamiro wabwino.

Amene ali pafupi ndi dambo ayambe kumanga khola mvula isanagwe, kuti anapiye adzapeze msipu watsopano wa mu Disembala ndi Januwale.