Omasulira athu, chenjerani ndi zining'a za Chingerezi

Akonzi,

Ndiloleni danga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndikambepo za zining'a za Chingerezi, zimene zikugwetsa m'mbuna omasulira ambiri m'matchalitchi, pamaliro ndi pamisonkhano ya chitukuko kumidzi kuno. Mlendo akamayankhula Chingerezi, khamu lonse limadalira pakamwa pa munthu mmodzi. Iyeyo akaphonya, mudzi wonse waphonya.

Tiyambe ndi zathu. Tikati uje watsamira mkono, palibe amene amathamanga kukamudzutsa, poti tonse timadziwa kuti pagwa zovuta. Wina akati ndikutsineni khutu, sitibisa makutu ayi, timasendera pafupi. Angerezi nawonso ali ndi zawo zotero, ndipo tanthauzo lake silipezeka pomasulira liwu limodzilimodzi.

Chimene ndikufuna abusa, ansembe ndi akulu a mpingo adziwe n'chakuti zambiri mwa zining'azi zinachokera m'Baibulo lomweli tili nalo m'nyumba zathu. Angerezi analiwerenga kwa zaka mazanamazana, makamaka lija la King James la m'chaka cha 1611, mpaka nkhani zake zinalowerera m'kayankhulidwe kawo ka tsiku ndi tsiku. Tsono amene amawerenga Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu m'chaka cha 1922, mfungulo ali nayo kale m'manja.

Titenge "at the eleventh hour". Womasulira wothamanga adzati 11 koloko, anthu nkubwera kumsonkhano nthawi yolakwika. Pitani pa Mateyu 20, pa fanizo la antchito a m'munda wampesa. Ayuda ankawerenga maora kuyambira kutuluka kwa dzuwa, choncho ora la 11 linali cha m'ma 5 koloko madzulo, kutatsala pang'ono kuweruka. Mngerezi akanena mawuwa akutanthauza kuti chinthu chachitika nthawi yothaitha.

Palinso "scapegoat". Liwuli analipanga ndi William Tyndale m'chaka cha 1530 pomasulira Levitiko 16, pamene mkulu wa ansembe ankasenzetsa mbuzi machimo a anthu onse nkuipirikitsira kuchipululu. Lero limanena za munthu amene amukankhira mlandu wa anzake. Mbuzi yeniyeni palibepo, ndipo amfumu asayambe kufunsa kuti yalowa m'munda mwa yani.

"The writing on the wall" ndi nkhani ya mfumu Belisazara pa Danieli 5, imene inaona dzanja likulemba pakhoma usiku womwe ufumu wake unagwa. Tanthauzo lake nkuti zizindikiro zaoneka kale kuti zinthu zikupita kokatha. "To go the extra mile" yachokera pa Mateyu 5:41. Masiku amenewo msilikali wa Chiroma ankatha kukakamiza munthu kumunyamulira katundu mtunda umodzi. Lero mawuwa amanena za kuchita zoposa zimene wapemphedwa. Nayo "to wash one's hands of" ndi ya Pilato pa Mateyu 27. Iyi ifenso tinaitola, paja timati nkhaniyi ine ndasamba m'manja.

Koma si zonse zili m'Baibulo. "To pull someone's leg" nkumuseleula munthu, osati kumukoka mwendo. "To let the cat out of the bag" nkuulula chinsinsi. "Once in a blue moon" ndi chinthu chochitika mwa apo ndi apo.

Pano ndichenjezenso achinyamata amene akuonetsa sukulu pamaliro. "To kick the bucket" ndi kumwalira ndithu, koma ndi mawu achibwana amene Mngerezi waulemu sangawatchule pamaso pa anamfedwa. Iye amati "passed away", monga ife timati atisiya. Kudziwa tanthauzo la chining'a sikokwanira, pafunikanso kudziwa malo ake.

Pempho langa kwa atsogoleri a mipingo ndi ili: mlendo ndi womasulira azikhala pansi mwambo usanayambe, nkudutsamo pamodzi m'zimene zikanenedwe. Alendo nawo tiziwapempha kuti aziyankhula Chingerezi chosazungulira. Ndipo iwe womasulira, ukamva mawu okamba za mphaka kapena ndowa pamene nkhani ndi ya feteleza, ima kaye ufunse. Palibe chamanyazi pamenepo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma womasulira akadya phula amadyetsanso mpingo wonse.

Wowerenga wanu,
Ntcheu.