Dzuwa, Khungu la Mwana ndi Madzi a Hydrogen

Amayi anzanga a m'midzi ndi a m'tauni, kapena ena mwa inu mwamva kale mbiri ya madzi achilendo otchedwa madzi a hydrogen. Mbiri yake imabwera pa mafoni, mwinanso ndi ana athu ochokera ku Joni. Otsatsa malonda amati munthu akamwa kapena kusamba madzi amenewa, dzuwa silimuwaula khungu, ndipo ngati lamuwaula kale ululu umatha msanga. Kwa mayi amene wabereka kumbuyo mwana wachialubino, mawu otere ndi okoma m'khutu. Koma musanamasule mfundo ya pa nsonga ya chitenje, tiyeni tiyambe tawaona bwino madziwo.

Ndi madzi wamba amene adawonjezamo mpweya wa hydrogen, mpweya wopepuka koposa mipweya yonse. Mbiri yake idakula mu 2007, pamene Shigeo Ohta ndi anzake a ku Nippon Medical School ku Japan adalemba m'magazini ya Nature Medicine kuti mpweyawu udachepetsa kuwonongeka kwa ubongo wa makoswe. Onani: adali makoswe, ndipo adachita kupuma mpweyawo, sadamwe madzi ayi. Chiyambire nthawi imeneyo, kafukufuku wokhudza khungu wachitika makamaka pa nyama, pa tizidutswa ta khungu, ndi pa magulu ang'onoang'ono a anthu. Palibe umboni wokwanira woti madziwa angalowe m'malo mwa mthunzi, chipewa kapena mafuta oteteza khungu.

Ndiponso mpweyawu sukhalitsa m'madzi. Lita imodzi imasunga pafupifupi mamiligalamu 1.6 okha, pamene kanjere kamodzi ka mpunga kamalemera kuposa pamenepo kangapo. Mukatsegula botolo umayamba kuthawa, ndipo umadutsa ngakhale m'pulasitiki ya botolo lotseka. Ku Japan komweko, mu 2016, bungwe loteteza ogula litayesa ena mwa madzi ogulitsidwa lidapezamo ena opanda hydrogen n'komwe. Akulu adanena kale za chikomekome cha nkhuyu. Chenjeraninso ndi dzina: hydrogen peroxide wa ku famase uja ndi mankhwala ena ndithu, samwedwa, ndipo sapakidwa pa khungu lopsa.

Tsono nkhani yeniyeni ndi dzuwa lathu la kuno ku Ntcheu. Amayi a ku chigwa cha Bwanje, ku Sharpevale ndi ku Kasinje, amalidziwa, pakuti kutentha kwa Okutobala kumawathamangitsira pa khonde okha. Amene dzuwa limawanamiza ndi inu a kumtunda, ku Tsangano ndi ku Lizulu. Kamphepo kayeziyezi kakamawomba muli m'dimba la kabichi kapena mukukumba mbatatesi, mumati lero dzuwa kulibe mphamvu. Chimene chimawaula khungu si kutentha kumene timakumva, koma cheza china chosaoneka chotchedwa UV. Cheza chimenechi chimakula munthu akamakwera kumtunda, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi pa mamita 1,000 alionse, ndipo chimapyola mitambo yopyapyala. Mwana angathe kutandala tsiku lonse pa msika wa Lizulu atavala juzi, nabwerera kwawo makutu ndi khosi zili psuu.

Ife a khungu lakuda tili ndi chishango chobadwa nacho chotchedwa melanin, ngakhale nafenso dzuwa likanyanya limatiwaula. Anzathu achialubino chishango chimenechi ali nacho chochepa kwambiri kapena alibiretu. Kalembera wa 2018 adapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi muno, ndipo khansa ya pakhungu ndi imodzi mwa nthenda zimene zimawatenga akadali ndi mphamvu zawo. Simabwera tsiku limodzi; imamera pa kupsa kwa chaka ndi chaka, kuyambira paubwana. Ndinene pang'ono za inunso amene mumadzola mafuta oyeretsa khungu, monga amayi ena ankachitira ndi Ambi masiku aja: mukuchotsa dala chishango chanu, ndipo dzuwa silidzakusiyani.

Nanga tichite chiyani? Choyamba ndi nthawi. Dzuwa limaluma koposa kuyambira 10 koloko m'mawa kufikira 4 koloko madzulo. Mwana wachialubino atunge madzi ndi kuthirira kudimba m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Masana mpatseni ntchito za pamthunzi, monga kutongola chimanga kapena kusankha nyemba. Musamtume kukadyetsa mbuzi kudambo. Avale chipewa cha khonde lalikulu chophimba makutu ndi khosi, chifukwa kapusi amasiya malo amenewa poyera. Malaya akhale a manja aatali, a nsalu yothithikana. Pa kaunjika, ikwezeni nsaluyo kudzuwa: ngati kuwala kukudutsa, isiyeni. Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi lisungeni pamthunzi, ndipo poyenda mulifunditse ndi kulitchinga ndi ambulera.

Mafuta oteteza khungu akhale olembedwa SPF 30 kapena kuposa; kwa achialubino 50 ndiye wabwino. Mpakeni mwana asanatuluke, osaumira, pa nkhope, makutu, khosi, milomo ndi kunja kwa manja, ndipo bwerezani pakatha maola awiri kapena akatuluka thukuta. Mu 2025 bungwe la WHO lidaika mafutawa pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri, motero musachite manyazi powapempha ngati kuti ndi zodzikongoletsera. Achialubino amalandira ulere m'zipatala za boma akakhalapo. Funsani kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ku chipatala chachikulu pa boma la Ntcheu, kapena kwa a bungwe la APAM.

Mwana akapsa kale, mlowetseni m'nyumba. Nyikani kansalu koyera m'madzi ozizira a mumtsuko, mukaike pa malo opsawo kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, ndi kubwereza kangapo. Mpatseni madzi akumwa ambiri, ndi Panado pa mlingo wa msinkhu wake ngati akumva ululu. Matuza musawaphulitse, ndipo musapakepo mankhwala otsukira mano, mchere, dzira kapena mafuta ophikira. Akatentha thupi, akamasanza, kapena matuza akakhala aakulu, thamangani naye ku chipatala tsiku lomwelo.

Pomusambitsa madzulo, yendetsani chala pa makutu, pa mlomo wam'munsi ndi kumbuyo kwa khosi. Mukapeza kamalo kokakala ngati mamba, kapena kachilonda kamene katha mwezi osapola, musadikire kuti muyambe mwagulitsa mbatatesi. Kakadali kakang'ono, a dokotala angathe kukachotsa mosavuta.