Mwana asaleke nsinjiro chifukwa cha nambala yokha

Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito yathu ya mu labotale ndi kuthira magazi m'makina n'kudikira yankho. Komatu nthawi yanga yambiri imathera poyeza makinawo, ndisanawapatse magazi a mwana wa munthu. Pa nkhani ya ziwengo m'pamene ndimasamala kwambiri.

Thupi likadana ndi mtedza, mazira, mkaka kapena fumbi la m'nyumba, limapanga msilikali wotchedwa IgE wolimbana ndi chinthucho. Msilikaliyu anatulukiridwa m'zaka za 1966 ndi 1967 ndi banja la Kimishige ndi Teruko Ishizaka ku Denver, komanso Gunnar Johansson ndi Hans Bennich ku Uppsala m'dziko la Sweden. Ndiye timamusaka m'magazi, n'kulemba kuchuluka kwake.

Makina kapena mankhwala oyezera akabwera atsopano, sitiyamba nawo odwala. Timatenga magazi omwewo n'kuwayeza kambirimbiri, m'mawa ndi madzulo, lero ndi mkuja, ine ndi mnzanga mosinthana, kuti tione ngati yankho silikugwedezeka. Kenako timafananiza ndi njira ina yodalirika kale. Palinso mabungwe monga UK NEQAS amene amatumiza timabotolo ta magazi osatiuza yankho, kuti aone ngati tikugwirizana ndi ma labotale ena. Malamulo a ISO 15189 amafuna zonsezi zilembedwe. Ndipo mankhwala oyezerawa amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, choncho magetsi akathima usiku wa mu Okutobala, kukacha timayamba tatsimikiza ngati sanawonongeke.

Koma makina akhoza kuyeza molondola, yankho lake n'kusocheretsabe munthu. Apa m'pamene pali mtima wanga.

Kwa zaka zambiri malire a kuchuluka kwa IgE akhala 0.35. Nambala ikapitirira apo, pepala limaonetsa kuti IgE ya chakudyacho ilipo. Kukhalapo kwake sikutanthauza kuti munthu adzadwala akadya. Kuno kwathu vutoli ndi lalikulu chifukwa cha likodzo ndi njoka za m'mimba, zimene zimakweza IgE m'thupi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2013 anapeza ana asukulu ambiri ku Ghana ali ndi IgE ya mtedza, koma akudya mtedzawo popanda vuto. Chinachitika n'chakuti tizirombo ta likodzo tili ndi timashuga tofanana ndi ta mu mtedza, ndiye msilikali wopangidwira likodzo amagwiranso mtedza wa m'makina. Mwana wosambira m'nyanja ku Mangochi kapena ku Nkhotakota akhoza kutuluka ndi pepala lotere.

Taganizani mayi atauzidwa kuti mwana wake asalawenso mtedza. Phala lisowa nsinjiro, ndiwo zotendera zaletsedwa, ndipo mwanayo akadzanyentchera amuopetsa ngakhale chiponde cha kuchipatala. Zimandiwawa, chifukwa m'mabanja ambiri mtedza ndiwo chakudya chomanga thupi chimene chimapezeka pakhomo. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti malire opangidwa pa magazi a anthu a ku Ulaya ayesedwenso pa anthu athu. Masiku ano kulinso kuyeza kachigawo kamodzi ka mtedza kotchedwa Ara h 2, kamene kamalozera bwino ziwengo zenizeni, ngakhale kuti n'kokwera mtengo. Chigamulo chomaliza ndi kudyetsa mwana chakudyacho pang'onopang'ono pamaso pa dokotala, mankhwala ali pafupi. Zimenezi si zoyesera kunyumba.

Potsatira mwana chaka ndi chaka, yezetsani malo amodzi, chifukwa makina osiyana sapereka manambala ofanana. Ana ambiri ziwengo za mkaka ndi mazira zimawathera akamakula, pamene za mtedza nthawi zambiri zimakakamira.

Mukamabwera kudzayezetsa, fotokozerani dokotala zimene munaona: mwana anadya chiyani, panapita mphindi zingati, khungu linatani. Ngati akadya amatupa milomo, amatuluka zidzolo, amasanza kapena kubanika, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo osadikira pepala lililonse. Koma ngati wakhala akudya phala la nsinjiro bwinobwino, musamuletse musanakambirane ndi dokotala.